Denti ya pa madigadi

Ogula zitsulo zakutha adafika kwathu ku Tsangano mu Ogasiti 2023, ife tili pa tchuthi. Adali anyamata awiri ndi sikelo yawo yopachika, ndipo atangoona galimoto ya agogo pansi pa mtengo wa pichesi adaiwala miphika yobooka ndi makasu akutha zomwe adadzera. Adaizungulira kawiri, wina n'kumenya chitseko ndi phazi, kenako adatchula mtengo. Ndalama yake ikadagula matumba angapo a feteleza, ndipo dzinja lidali pafupi. Amayi adayang'ana agogo. Agogo, omwe maso awo adayamba kuchita nkhungu zaka zingapo zapitazo, adangoti, "Chitani zomwe mwaona," n'kulowa m'nyumba dzuwa likadali pamutu. Madzulo ake nsima yawo idabwerera yosanyema.

Tikamati ife tikunena adzukulu atatu: awiri a bere limodzi ndi msuweni wathu, mwana wa amalume. Mmodzi akuphunzira zauphunzitsi pano pa koleji, wina amalima mbatatesi kumudzi, wachitatu panthawiyo ankadikira zotsatira za mayeso a Fomu 4. Mwa atatufe padalibe yemwe adagwirapo sipana kupatula pomanga tcheni cha njinga. Komabe usiku womwewo tidagwirizana kuti galimotoyo sigulitsidwa, ndipo tiikonza agogo akadali ndi moyo. Amalume omwe ali ku Johannesburg adalonjeza pa foni kuti penti ndi yawo, zina zonse tione tokha.

Galimotoyo ndi Peugeot 404 ya pikapu, yomwe kumudzi amangoti Pijo. Agogo adali m'gulu la amuna omwe adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, Kamuzu adaletsa ulendo wa ku migodi, ndipo agogo adabwerera kumudzi ndi sutikesi, wailesi ndi kandalama. Kandalamako kadagula ngolo, ngolo idakuza dimba, dimba n'kudzagula Pijo yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mmwenye wina wa ku Limbe. Kwa zaka zoposa 20 idanyamula mbatatesi ndi kabichi kupita nazo ku Lizulu ndi ku Blantyre, pobwerera itasenza feteleza, malata, nthawi zina bokosi la maliro. Idaima ife tili ana, agogo aakazi atangomwalira kumene. Kalachi idatha, agogo sadaikonzenso. Ife tidaidziwa ngati nyumba yosewerera, ndipo nkhuku zidaidziwa ngati poikira mazira.

Titayamba kufunsa ndi pomwe tidadziwa kuti chomwe tinkaseweramo sichidali chitsulo wamba. Kampani ya Peugeot ya ku France idatulutsa 404 mu 1960, ndipo maonekedwe ake adajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy. Ku Ulaya adasiya kupanga ya saluni mu 1975, koma ku Kenya adapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991, chifukwa misewu yathu idaikonda. Idapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Injini yake ya petulo ndi ya masilinda anayi, 1618 cc, yoikidwa chopendekera mbali imodzi, ndipo ndodo ya magiya ili pa chiwongolero osati pansi. Zonsezi tidaziloweza ngati tikukonzekera mayeso, ndipo tidapita nazo ku boma la Ntcheu tikudzimva kuti palibe angatipusitse.

Garaja yoyamba idatisangalatsa kwambiri. Mwini wake adangoyang'ana zithunzi pa foni n'kunena kuti masabata awiri basi, galimoto idzawala moti tidzapesera tsitsi pa chitseko. Mtengo wake udalinso wofewa. Garaja yachiwiri idali kuseri kwa chigayo, shedi ya malata yopanda chipupa mbali ziwiri. Mwini wake, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, adakana kutchula mtengo pa chithunzi. Tidawalipirira kabaza wa njinga yamoto kuti akaione kumudzi, ndipo adafika ndi zida ziwiri zokha: maginito ochotsa m'sipika ya wailesi ndi sikuludiraiva. Maginito aja adamata bwino pa boneti ndi padenga. Atawaika m'munsi mwa chitseko cha dalaivala adagwa pansi. "Apa si chitsulo," adatero. "Wina adamatapo fila kalekale." Kenako adakwera kumbuyo konyamulira katundu, n'kukanikiza sikuludiraiva pansi, ndipo idalowa ngati m'chigumu.

Tidakwiya, tisabise. Tidaona ngati munthuyu akutibowolera galimoto dala kuti ntchito ichuluke. Koma msuweni wathu wolima uja adagwada n'kusuzumira kunsi, ndipo adadzuka nkhope ili yofiira ndi fumbi la dzimbiri. Amisiri aja adatifotokozera kuti dzimbiri limafuna zinthu zitatu, chitsulo, madzi ndi mpweya, ndipo matope omatirira kunsi amasunga chinyezi ngakhale kunja kuli ng'amba. Kumbuyo kudaonongeka kwambiri chifukwa cha feteleza: timibulu totayika m'matumba timakoka chinyezi n'kudya chitsulo mofulumira kuposa madzi amvula. Adati angathe kumata fila pamwamba pa zonsezi n'kupopera penti, galimoto n'kuwala ngati momwe mnzawo uja adalonjezera, koma mvula ziwiri zikadzadutsa penti idzatuluka matuza. Amayi, omwe ankamvetsera ali pakhonde, adangoti chikomekome cha mkuyu, osamaliza n'komwe. Tidasankha amisiri a maginito.

Galimoto idatsika ku boma mu Seputembala itakwezedwa pa lole, poti mabuleki adali atauma ndipo msewu wa ku Tsangano si woti n'kukokerapo galimoto ndi chingwe. Tidapereka theka la ndalama tsiku lomwelo, zochokera ku mbatatesi ndi ku maganyu ophunzitsa ana a Sitandade 8 pa tchuthi. Tidagwirana chanza. Sitidalembe chilichonse, ngakhale kuti mmodzi wa ife amayenda ndi cholembera m'thumba tsiku lililonse. Adati masabata asanu ndi limodzi.

Masabatawo adatha galimoto ili pomwe lole idaitsitsa, kungoti tsopano idalibe zitseko. Tikaimba foni yankho lidali limodzi: "Tikuyamba Lolemba." Wakumudzi uja akapita kukaona ankapeza minibasi ili pakati pa shedi, Pijo itakankhidwira kumpanda, pamwamba pake atayanikapo maovolosi. Pano tikumvetsa chifukwa chake, ngakhale sitikuvomereza. Minibasi ikagundidwa m'mawa mwini wake amafuna ibwerere pamsewu madzulo, ndipo amalipira pompo. Galimoto yomwe yagona zaka zambiri pansi pa mtengo, m'maso mwa mmisiri, ingathe kugonanso sabata ina. Garaja imadya za minibasi, ndipo ife tidalipiriratu, choncho padalibe chowathamangitsa.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Penti, thina, fila, sandipepa, zonsezi zimachokera kunja, ndipo mitengo yake idakwera sabata yomweyo. Ife mitima idali m'malo poganiza kuti katundu adagulidwa kale ndi theka lija. Titafika mu Disembala tidapeza kuti palibe ngakhale chitini chimodzi. Ndalama idapita ku fizi ya mwana wawo ndi ku ngongole ya mpweya wowotcherera. Adavomera osazungulira, maso ali pansi, n'kunena kuti mtengo wonse uyenera kukwera. Wamng'ono mwa ife adayamba kutchula za polisi. Amisiri adati ngati ndi choncho tibweretse lole titenge chigoba chathu, ndi zitseko zake m'manja.

Adatiyanjanitsa ndi amayi. Adatsika ku boma m'mawa wina, n'kukhala pa tayala lakale pakati pa shedi, ndipo adalankhula ndi amisiri aja ngati anthu akuluakulu awiri, ife titaima potero ngati ana a sukulu oitanidwa ku ofesi. Sadakweze mawu. Adawafunsa za mwana wa fizi uja, ali fomu yanji, kenako adati, "Bambo, eni galimotoyi maso akutha. Mukachedwa adzaimva ndi makutu okha." Zomwe adagwirizana tidazilemba m'kope la masamu: ntchito igawidwe magawo, kudula ndi kuwotcherera, kuwongola, kupala, kupopera, ndipo gawo lililonse lilipiridwe likatha. Katundu tizigula tokha n'kubwera naye. Ndalama yomwe adadya ikhale malipiro a magawo awiri oyamba. Ntchito yopala ndi sandipepa, yomwe imadya masiku ambiri koma sifuna luso lalikulu, tigwire ifeyo kuti mtengo utsike. Onse tidasayina, ndipo mnyamata wophunzira ntchito pagarajapo adasayina ngati mboni, akuseka.

Kuyambira pamenepo tidasiya kukhala makasitomala a pa foni. Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Isitala tidathera m'shedi muja, ndipo ndi momwe tidaonera ntchito yomwe tinkaiderera. Amisiri ankadula pamalo podyeka mpaka atafika pa chitsulo chowala, osasiya ngakhale kachigamba kofiira. Ankajambula bowolo pa katoni, n'kudula chigamba chofanana nalo kuchokera ku denga la galimoto ina yakufa. Moto wowotcherera unkachokera ku kabaidi, miyala yotuwa yomwe ikathiridwa madzi m'thanki imatulutsa mpweya woyaka wa fungo loipa, wosakanizidwa ndi okosijeni wa m'silinda. Sankawotcherera mzere wonse nthawi imodzi. Ankadontheza apa, n'kudumphira uko, n'kubwerera, chifukwa chitsulo chopyapyala chikatenthedwa malo amodzi chimapindika ngati chikopa choyanika padzuwa. Pansi ponse pa kumbuyo padalowa chitsulo chatsopano, ndi m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri, ndi pomwe dalaivala amaponda.

Kuwongola ndiye kudatidabwitsa. Ife tinkaganiza kuti denti amangoimenya kuchokera kuseri mpaka itatuluka. Iwo ankayamba m'mphepete, kuzungulira pang'onopang'ono kulowera pakati, dzanja lina litagwiriza kachitsulo kolemera kuseri, nyundo ikugogoda mopepuka ngati munthu wogogoda pakhomo la apongozi. Pomwe chitsulo chidatamuka n'kutupa ankapatenthetsa kadontho kamodzi mpaka kufiira, kugogoda, n'kupondereza nsanza yonyowa kuti chikokane. Sankayang'ana kwambiri. Ankayendetsa chikhatho pa chitsulo maso ali kwina, n'kunena kuti apa pakadali phiri, apa pali chigwa, pomwe ife tikuona posalala. Mnyamata wophunzira uja sadauzidwepo chilichonse m'mawu opitirira asanu. Ankamugwira dzanja n'kuliyendetsa pamalopo, "Wamva?" Akati ayi, ankabwereza. Mmodzi wa ife, yemwe sabata yomweyo adali atalemba mayeso a njira zophunzitsira, adaima n'kuonerera kwa nthawi yaitali.

Tsiku lina mu Epulo adatiitana kutsogolo kwa galimoto, ku madigadi a kumanzere. Padali denti yozungulira, yakuya ngati mbale ya ndiwo, pafupi ndi nyali. "Iyi ndi yakalekale," adatero. "Ndipo taonani, wina adaipaka penti ndi burashi kangapo kuti isachite dzimbiri, koma sadaiwongole. Munthu wosamala chonchi akadafuna akadaichotsa. Kafunseni eni ake kaye." Ife tidaseka. Tidali titatopa, zala zitasupuka, ndalama ikutha, ndipo kupita kumudzi n'kubwerera kukadadya tsiku lathunthu. Komanso tinkafuna agogo adzadzidzimuke. Tidati achotse zonse, galimoto ikhale ngati yatsopano. Adatiyang'ana pang'ono, n'kutenga nyundo. Pofika madzulo denti ija kudalibe, ndipo sidafune fila ngakhale supuni imodzi. Tidawayamikira kwambiri.

Za kupala sitinena zambiri, chifukwa palibe chokoma. Fila amasakaniza ndi kamankhwala kolimbitsa ndipo amauma m'mphindi zochepa, choncho umapaka mothamanga, mopyapyala, osapitirira mamilimita atatu. Akauma umapala ndi sandipepa ya nambala 80, kenako 180, kenako 320, nambala ikamakwera mchenga wake ukuchepa ukali. Pamwamba pa pulaima amisiri ankawaza kautsi ka penti yakuda, ndipo ukapala, pomwe patsalira chakuda ndiye kuti pali chigwa, uyambirenso. Chitseko chimodzi tidachibwereza kanayi. Popala tidapeza mbiri ya galimoto m'mizere: buluu wa agogo pamwamba, pansi pake wobiriwira, pansi penipeni woyera wa ku fakitale. Tidakangana za mtundu masiku awiri. Awiri ankafuna woyera poti ndiye weniweni, mmodzi ankati galimoto ya agogo ndi ya buluu ndipo mudzi wonse umaidziwa choncho. Buluu adapambana, ndipo pa ichi chokha tidachita bwino.

Injini idativuta pang'ono kuyerekeza ndi thupi. Makaniko wa pafupi adathira dizilo m'mabowo a mapulagi n'kuisiya sabata, kenako idatembenuka. Kabuleta adaitsuka, thanki tidaichapa, mapaipi a mabuleki adasinthidwa onse. Mbale ya kalachi tidaipeza ku Ndirande titayenda tsiku lonse, kwa bambo wina yemwe adaitulutsa pansi pa bedi atamva kuti 404. Galasi la nyali imodzi lidachokera ku Biwi, ku Lilongwe. Chiwongolero chidali chong'aluka ndi chosalala chifukwa cha manja, ndipo tidafuna kuchisintha pamodzi ndi mpando, koma ndalama idakana.

Kupopera kudadikira mpaka Ogasiti 2024. M'dzinja chinyezi chimaononga penti, mu Juni ndi Julayi kumazizira ndipo m'mawa kumagwa nkhungu, ndiye shedi yopanda zipupa imadalira kumwamba. Kompuresa nayo imadalira magetsi. Lachisanu lina masana amisiri adaimba foni kuti mawa m'mawa kuli bata ndipo shedi ilibe galimoto ina, apopera. Mawa lake lidali Sabata. Tidakambirana nthawi yaitali. Mmodzi adati amisiriwo si a mpingo wathu, ndipo ife sitikhalapo n'komwe. Wina adati ntchitoyo ndi yathu, yolipidwa ndi ife, ndipo lamulo lachinayi silinena za manja athu okha. Tidawapempha adikire. Adapumira m'mwamba pa foni n'kunena kuti, "Ana inu, chaka chonse mwakhala mukundithamangitsa, lero ndinu mukuti ndiime?" Mpata wina udapezeka patapita masabata awiri, Lachiwiri m'bandakucha. Tidathira madzi pansi ponse kuti fumbi lisauluke, n'kutchinga mbali zotsegula ndi matenti. Tidawagulira chotchinga mphuno chenicheni, chifukwa penti ya 2K ili ndi mankhwala oononga mapapo ndipo iwo adazolowera kungomanga kansalu. Adachivala, koma tikukayika ngati akuchivalabe.

Tidafika nayo kumudzi mu Seputembala, chaka chathunthu chitatha, makaniko uja akuyendetsa. Ana adaithamangira kuchokera kumsewu. Agogo adaimva isadafike, ndipo tidawapeza ataima kale pabwalo ndi ndodo yawo, atavala jekete. Buluu adamuona, adati akuoneka ngati mtambo. Kenako adapatsa amayi ndodo n'kuyamba kuyenda mozungulira galimoto chikhatho chili pa chitsulo, monga momwe amisiri aja ankachitira. Kumbuyo adagogoda pansi n'kugwedeza mutu movomereza. Adadutsa chitseko, nafika ku madigadi a kumanzere, pafupi ndi nyali. Dzanja lidaima. Lidabwerera m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo, n'kuzungulira.

"Apa padali pakepake," adatero. "Mwapachita chiyani?"

Tidayankha monyadira kuti tidawongola. Sadanene kanthu. Amayi ndi omwe adatikokera pambali n'kutiuza zomwe aliyense wamkulu pamudzipo ankadziwa. Galimoto itangogulidwa, agogo aakazi adaumirira kuti nawo aphunzire kuyendetsa, chinthu chomwe akazi a kumudzi nthawi imeneyo sankachita. Agogo adapita nawo pa bwalo la mpira la kusukulu Lamulungu masana. Adayenda bwino kuzungulira kawiri, kachitatu adaponda mafuta m'malo mwa buleki n'kukagunda mtengo wa golo, anthu onse akuonerera. Akuti adatuluka akuseka mpaka kukhala pansi, ndipo sadagwirenso chiwongolero. Agogo ankapaka penti pamalopo chaka ndi chaka, ndipo aliyense wofuna kuwawongolera ankamukaniza.

Usiku umenewo wamng'ono mwa ife adaimbira amisiri kufunsa ngati denti ingabwezeretsedwe. Adakhala chete, kenako adati iwo ntchito yawo ndi kuwongola, kupinda sadaphunzire. Sadatikumbutse kuti adatiuza, ndipo chimenecho chidatiwawa kuposa akadatikumbutsa. M'mawa tidapita kwa agogo kukapepesa, ndipo msuweni wathu adati tingathe kutenga mtengo n'kugunda pamalo pomwepo, mofanana ndendende. Agogo adaseka pang'ono, koyamba chifikireni galimoto. "Agunde ndani?" adafunsa. "Woigunda adapita."

Kenako adatiuza kuti tiwatsegulire chitseko cha dalaivala. Adakhala pa mpando wong'ambika uja, womwe tidaufunditsa chitenje pochita nawo manyazi, ndipo adachotsa chitenjecho n'kutipatsa. Manja adagwira chiwongolero pomwe padatha kale ndi manja omwewo. Dzanja lidapita lokha pa ndodo ya magiya, phazi pa kalachi, ndipo adalowetsa magiya onse anayi mmodzimmodzi injini ili chozima, akumvetsera. Adati yachiwiri ikulimba, tikamuuze makaniko. Adakhala m'menemo mpaka dzuwa lidafika pakhonde, ndipo amayi adawapititsira phala komweko.

Galimotoyo sidayambe kuyenda pamsewu waukulu. Mapepala ake akale tikuwalondolabe, COF ndi inshuwalansi zikudikira mbatatesi za chaka chino, ndipo labala wa galasi lakutsogolo sitidamupeze, moti mvula ikagwa timaphimba ndi tenti. Kwa amisiri kudatsala ngongole ya gawo lomaliza, yolembedwa m'kope la masamu lija, ndipo tikubweza pang'onopang'ono. Msuweni wathu wolima uja akuphunzira kuyendetsa pa bwalo lomwe lija la mpira, agogo atakhala pambali pake akumuuza nthawi yosintha giya pomvera kulira kwa injini. Mitengo ya golo pano ndi yachitsulo, ndipo amayi adamuchenjeza kale kuti azizungulira patali.